Misozi imene analira pamaliro anu

Amayi, kodi mwadzuka bwanji kumene munapitako? Ine ndikulemba nditakhala pakhonde la kusikelo kuno ku boma, pepala lili pabondo, ndiye zilembo zikapendama musadabwe. Mtima ukudumpha ngati tsiku lija ndinakhoza mayeso a Sitandade 5.

Ndiyambe ndi zabwino. Mimba ija munaisiya inabereka mwana wamwamuna, Limbani. Pano akuyenda, ndipo mphumi ndi wanu ndendende. Kwathu kwa Mavwere mtedza wachita bwino, fodya yekha ndiye anaonongeka ndi matalala. Mbuzi yanu yamawanga inaswa awiri.

Tsono nkhani ndi ya mkamwini wanu, a Samisoni, bambo a Limbani. Paja munkati, “Esinati, mwamuna uyu amaseka ndi mano okha, maso ake sasekako.” Ine ndinkati mukudana nawo chifukwa ndi oyendetsa lole. Pamaliro anu analira kuposa ife ana anu, mpaka kugubuduka pafumbi, azimayi nkumati mkamwini wotere sapezeka. Koma titachoka kumanda ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe akusasa fumbi pa buluku. Anandiyang'ana, maso ouma gwa, nkufunsa, “Bwanji, ndalira bwino?” Sindinauze munthu.

Atanditengera kuno kufupi ndi boda, zinachuluka. Anandiuza kuti mayi awo anamwalira kalekale, ine nkuwamvera chisoni. Tsiku lina mayiwo anatulukira pakhomo ndi dengu la chinangwa! A Samisoni osachita manyazi ngakhale pang'ono, anangoti, “Aa, iwe sunamvetse.” Galu wa aneba anamuponda ndi lole dala, ine ndikuona, kenako nkupita kukawathandiza kukumba dzenje. Limbani atatentha thupi mpaka kukomoka, iwo ankapesa tsitsi pagalasi akuimba mluzu.

Ankhoswe akhalapo pansi kangapo. Nthawi zonse a Samisoni amagwada bwino, chipewa m'manja, nkhuku yopepesera ili pambali, mawu okoma ngati a abusa. Ankhoswe amangoti munthu wagwada, wapepesa, nanga tifunenso chiyani? Wodzudzulidwa nkukhala ine, ati ndilibe mtima wokhululuka. Azakhali anati mwina anawalodza, tinapita kwa asing'anga. A Samisoni anakamwa mankhwala onse akuseka, pobwerera nkumawayeseza asing'angawo mmene amayankhulira.

Mwezi watha anandiuza kuti Limbani amutenga akakhale ku Chipata, kwa mkazi wina amene ndinali ndisanamumvepo. Nditakana, anamwetulira. Anati, “Mlongo wako Yakobe uja, ndikangonena kwa a chipani kuti amalandira makalata a zigawenga za ku Zambia, udzamuonanso?” Amayi, mukudziwa kuti masiku ano munthu akatengedwa, za iye sitifunsa. Ananena zimenezo akusewera ndi kaphazi ka mwana.

Tsiku la sikelo lapitalo, anamwino ena achikulire, a Nachisale, anaona kuti mwana wakwera sikelo koma mayi ndi amene ndatsika. Ananditengera kuseri, ine nkukhuthula zonse. Ndimayembekeza kuti anena kuti pirira, banja ndi choncho. Ayi! Anati pa maphunziro awo anagwirako ntchito ndi madokotala a matenda a maganizo, ndipo anthu otere madokotala amawadziwa, analemba ndi m'mabuku momwe. Dzina lake ati sayikopafi.

Amayi, chinthu chija chili ndi dzina! Si misala ayi, poti munthuyo amadziwa bwinobwino chabwino ndi choipa. Si ufitinso. Ati mkati mwake, pamene ife timamva kuwawa mnzathu akavulala, iwo pamangokhala zii. Ndiye amaphunzira kulira ndi kupepesa poonera anthu ena, ngati mmene mwana amaphunzirira nyimbo ya chilankhulo chimene sachimva. A Nachisale ankatchula zizindikiro, ine nkumangoti eee, eee. Pakamwa pokoma. Kunama ngakhale palibe chifukwa. Kusachita mantha. Cholakwa chilichonse nkukhala cha wina. Nkhanza kwa ziweto, kawirikawiri kuyambira ali mwana. Ndinakumbuka apongozi anga akusimba kuti ali wamng'ono ankathyola anapiye miyendo kuti aone mmene aziyendera.

Anandichenjeza kuti si wabodza aliyense ali choncho, ndipo iwo sangagamule za munthu amene sanamuone. Koma anati, “Mwana wanga, usamvere kugwada. Uone zimene amachita mawa lake atagwada.” Jakisoni wake kulibe, ati, ndipo kuphika bwino kapena kufatsa kwanga sikungawasinthe. Ndiye kuti si ine ndinalephera banja, amayi! Ndinatuluka m'menemo ndikuseka ndekha ngati wopenga.

Ankhoswe sindinawaitanenso, akanangolandira nkhuku ina. Ndinatuma mawu kwa atsibweni, alongo anu, poti mwana ndi wa mbumba yawo. Iwo apita kale ndi Yakobe kwa atcheyamani a nthambi ya chipani kukanena kuti mkamwini akadzabwera ndi nkhani, adziwe kuti ndi mkangano wa banja. Kaya zigwira, sindikudziwa. Mantha alipo. Lero ndachoka pakhomo ngati wopita kusikelo basi, madiresi awiri ndavala mophatikiza, khadi la chipani lili m'chipewa cha mwana kuti asanditsitse m'basi. A Samisoni apita kuboda, akuti lole yotengera Limbani ku Chipata inyamuka Loweruka.

Chimene chinkandidya kwambiri ndinawafunsa a Nachisale: nanga Limbani, magazi si omwewo? Anati zina munthu amabadwa nazo, zina ndi kaleredwe, palibe anganeneretu. Ndakhala ndikumuyang'anitsitsa m'maso mwana wanga yemwe, amayi, ngati mlendo.

Ndiye tamverani zimene zachitika pompano. Polemba za maliro anu paja, misozi inagwera papepala. Limbani anali pansi akudya mbatata. Wandiyang'ana, kamlomo nkuyamba kunjenjemera, wakwera pamwendo nkundikankhira mbatata yake yamalovu m'kamwa, kenako nayenso kulira. Palibe amene amamuonerera. Ndayang'ana m'maso muja, amayi, muli munthu!

Basi ija ikumveka. Ndikafika kumudzi ndidzasesa pamanda panu, ndipo ndidzabwera naye mdzukulu wanu mudzamuone nokha mmene amasekera. Amaseka ndi nkhope yonse.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati