Mubwere Chimanjamanja

Amayi okondedwa,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli ndi mphamvu. Bondo lija likuvutabe? Achemwali anandiuza pa foni kuti ndodo imene ndinakugulirani ija mukuthamangitsira nkhuku m'malo moyendera. Ife kuno tilipo, kungoti mtima suli m'malo.

Za mdzukulu wanu Kanyambita, amuna anu aja, munangomva mwapatalipatali. Lero ndikuuzeni zonse. Kutsegula m'mimba kuja, magazi aja ndi kuonda kuja, madokotala apeza kuti ndi matenda otupitsa matumbo. Akuti m'kati muli zilonda, ndipo matendawa satheratu, amagona n'kudzadzukanso. Si njoka za m'mimba, komanso palibe amene anamudyetsa kanthu, ndiye azakhali asiye kuloza anthu zala.

Mankhwala ake ndiye mudabwa. Kwa miyezi pafupifupi iwiri mwana sayenera kutafuna chilichonse. Amangomwa madzi ndi chakumwa china chapadera cha kuchipatala, chooneka ngati mkaka. Mayi woona za kadyedwe kuchipatalako anatifotokozera kuti m'chakumwacho muli zonse zimene thupi limafuna, ndipo akamamwa chokhacho zilonda zimapola, mwana n'kuyambanso kukula. Zikakanika, akuti ndiye mankhwala amphamvu otupitsa nkhope aja, mwinanso mpeni. Ine ndi digiri yangayi ndinangogwedeza mutu ngati mwana wa sitandade wani. Ndinalawako pang'ono. Chimamveka ngati choko chosungunulira m'madzi, ndipo mphunzitsi ngati ine choko ndimachidziwa bwino.

Mwana amene munamupatsa dzina chifukwa chonyambita mbale, lero chake ndi botolo. Mpongozi wanu anasiya kukazinga anyezi poti fungo limafika kuchipinda. Tinkadyera kukhitchini choimirira, chitseko chotseka, ngati mbava m'nyumba mwathu momwe. Tsiku lina mwanayo anagogoda n'kutiuza kuti tizidyera pa tebulo iye azingoonerera, chifukwa kumva masipuni kuseri kwa chitseko kumamuwawa kwambiri. Mayi ake anathawira kubafa, n'kukatsegula mpope kuti tisamve kulira.

Zinayamba kuyenda, magazi anasiya, masaya anayamba kubwerera. Kenako mayi wina wa nyumba ya pansi pathu anamupeza atakhala pa masitepe n'kumumvera chisoni. Anayamba kumupatsa mabanzi ndi soseji mobisa, ati makolo ophunzira kwambiri amapha ana ndi njala. Tinazindikira mimba itayambiranso kupotokola. Sindinawakalipire mayiwo, Amayi. Nkhope yawo pamene ankapepesa inali ngati yanu. Adokotala atilola kuyesanso, koma anena mosabisa kuti ulendo uno zikalephera asintha njira.

Apa ndiye pali pempho langa. Mwati mubwera mwezi wamawa, ndipo tikukudikirani ndi mtima wonse. Koma ine ndimakudziwani. Chibadwire changa sindinakuoneni mukulowa m'nyumba ya munthu opanda kanthu m'manja. Chikwama chanu chakuda chija ndi golosale yoyenda, ndipo luso lanu lodikira makolo atembenuke n'kumunong'oneza mwana kuti kamodzi sikapha, tonse tinakulira momwemo. Ulendo uno mubwere chimanjamanja. Ngakhale switi imodzi ayi, ngakhale nthochi. Musanayambe ulendo, achemwali akhuthule chikwamacho, asaiwale kathumba ka zipi ka m'kati kaja. Ndikudziwa kuti ndikukupemphani chinthu chowawa, chifukwa inu chikondi mumachinena ndi mbale.

Mundiperekere moni kwa achemwali ndi alamu, kwa azakhali, ndi kwa amalume, muwauze kuti wailesi yawo ija sindinaiiwale. Mpongozi wanu akuti moni wambiri.

Amuna anu nawo akupereka moni. Nditawauza kuti mukubwera analumpha pa bedi. Andituma kuti ndilembe mawu awo osasintha. Akuti anzawo a kusukulu amatha kuwakanira, mayi a pansi aja nawonso tsopano amawakanira, koma agogo awo akatambasula dzanja, iwo sangathe kukana. Ndiye akupempha kuti musadzatambasule.

Ndine mwana wanu,
amene mumamunena kuti Aphunzitsi