Amugwaditsanso Huguette Pochapira

Lolemba, 16 Seputembala

Amugwaditsanso Huguette.

Ndinatsika m'mawa kukagula buledi. Ndisanafike n'komwe pa mlatho ndinaona diresi la buluu la madontho oyera litawerama pamadzi m'khumbi lochapira, epuloni yomangidwa kumbuyo, mpango kumutu. Ndinatsala pang'ono kukuwa kuti, "Mayi, khofi wanga mwamusiyira ndani?" Mkazi wangayo ali kumanda chaka chachitatu chino, koma diresi lake ndingalidziwe ngakhale litavalidwa ndi ng'ombe.

Chidole. Chija cha m'sitolo ya zovala, nkhope yosalala ngati dzira. Achigwadika m'kabokosi ka udzu, m'dzanja achimangirira kathabwa kopunthira zovala. Pakhoma chikwangwani chatsopano: zovala za malemu Huguette Delpech, zoperekedwa ndi banja lawo. Banja lake liti? Ine ndimayesa banja ndine. Kapena anandichotsa pa udindo ndili kuchimbudzi.

Ndi ntchito ya Mayi Bonnafous ndi bungwe lawo la zinthu zakale. Loweruka ndi Lamulungu ndi masiku aja otsegulira alendo chilichonse chokalamba, nsanja, tchalitchi, uvuni wa mudzi. Akuti kubwera mabasi.

Buledi ndinaiwala. Ndadya supu wopanda kanthu, vinyo yekha ndi amene ndinathiramo.

Lachiwiri, 17 Seputembala

M'kabati mulibedi. Ndinaimbira Maryse ku Cahors. Mwana wathu mmodzi yekhayo, ndiye wakubanso ndi yemweyo, sipafunika apolisi.

"Bambo, ndinakuuzanitu mu Julaye, nditabwera kudzatsuka mawindo."

"Unandiuza chiyani?"

"Kuti Mayi Bonnafous akufuna zovala zakale. Munati, apatse zonse, ndi kabudula wanga wamkati yemwe, ameneyo anamenya nawo nkhondo ya Angelezi."

Ndinanenadi.

"Ndimaseka ine."

"Inu mumaseka tsiku lililonse. Ndidziwa bwanji tsiku limene simukuseka?"

Ndinati akachotse. Anaseka, akuti ndachita nsanje kuti amayi ake alembedwa pakhoma ine ayi. Akuti amafuna kuti dzina la amayi likhale penapake poti anthu aliwerenge, osati m'kabati mwa njenjete. Kenaka kuntchito kunabwera munthu, foni thi.

Sakudziwa, poti anabadwa makina atabwera kale. Huguette anayamba kugwada pamenepo ali kamtsikana, kuchapa nsalu za pabedi za hotela ya kumsewu waukulu. Nditamukwatira anapitiriza, chifukwa zimene ndinkapeza kokumba miyala zinkathera m'njira. Tsiku limene makina ochapira analowa m'nyumba muno, anatenga kabokosi kake kogwadiramo n'kukaponya pamoto, n'kuima chilili kukaonerera mpaka phulusa. Kuchokera pamenepo sanapondenso njira ya pochapira. Popita kutchalitchi ankazungulira cha kumanda, ndi nyamakazi yake yomwe. Ndinkamuseka kuti akukayendera malo ake asanasamuke. Anasamukadi.

Pofika Loweruka akhale atadzuka pamenepo. Basi.

Lachitatu, 18 Seputembala

Ndinavala jekete la kumaliro kuti aone kuti ndabwera ndi nkhani. Mayi Bonnafous ndinawapeza pansi pa nsanja akumanga chingwe choti alendo asagwere m'dzenje. Si munthu woipa ayi. Anali mphunzitsi ku Bordeaux, anagula nyumba ya wosula zitsulo, ndipo mudzi uno amaukonda ngati mmene umakondera galu wa eni ake: kumusisita kokha, zimene wasiya pakhonde akolopa ena.

"Ee, a Firmin! Mwatchena chonchi mukukafunsira ndani?"

"Mayi, ndabwera kudzapempha diresi la mkazi wanga."

"Likukwanani koma?" Anaseka mpaka kugwirira chingwe.

Ndinati Huguette malo aja ankadana nawo kuposa Satana. Anandiyang'ana kukamwa, maso akuwala, kudikira pamene nkhani ikhotere. Mudzi wonse umandiyang'ana choncho, ngakhale ndikufunsa nthawi. Kenaka anati, "Nanga mapeto ake?" Ndinati mapeto ake ndi omwewo. Akuti imeneyi sinapse, ndikaiphikenso, ndipo Loweruka ndisachedwe chifukwa ndine woyendetsa alendo monga mwa chaka ndi chaka. Akuti ena amabwerera ine, osati nsanja.

N'zoona. Ndine amene ndinauza Adatchi kuti nsanja yathu inapendekeka chifukwa Angelezi anaikoka ndi zingwe kuti apite nayo kwawo, ndipo madzulo ndinawapeza akufufuza zipsera za zingwezo. Ndine ndinati chimwala cha kumtunda chinali tebulo la bishopu wina amene ankadya nkhosa yathunthu Lachisanu lililonse, ataibatiza kaye kuti nsomba. Bodza ndalilera ngati mwana wa nkhumba. Lero lanenepa, landigonera pakhomo, sindingatuluke.

Lachinayi, 19 Seputembala

Ndinali ku bala ya Josette pamodzi ndi Aimé, mnzanga amene tinathawira limodzi sukulu. Vinyo wa Josette akuipirabe, akuti ndi wa chaka chabwino, mwina chinali chabwino kwa mbatata.

Aimé akuti, "Iwe Firmin, ndi nsalu chabe. Huguette akupuma, makamaka akupuma kwa iwe."

Ndinati, "Akanakhala malemu Paulette wako atamugwadika pamenepo?"

"Paulette sanagwadirepo munthu, ngakhale wansembe. Ankalapa ataima."

Anaseka yekha. Kenaka anandiyang'ana n'kunena kuti nkhope yangayi ndiisunge, ndi yabwino, Loweruka alendo afa nayo.

Pobwerera ndinazungulira cha kumanda.

Lachisanu, 20 Seputembala

Ndinaganiza kuti poti mawu anga sawamva, ndiwaonetse ndi maso. Makina akale aja akadali m'shedi, nkhuku zinkaikiramo mazira. Ine ndi Aimé tinawakweza pa wilibala, kutsika nawo mpaka pochapira, msana wanga ukulira ngati chitseko cha tchalitchi. Tinawaimika pambali pa chidole. Ndinati aliyense wa maso aona: ichi ndi chimene chinamudzutsa mayiyu, nanga inu mukumugwadikiranji?

Anaona. A meya anaseka mpaka kukhosomola, anajambula ndi foni. Mayi Bonnafous anaomba m'manja, akuti, "Asachotse munthu! Zakale ndi zatsopano pamodzi, a Firmin muli ndi mutu inu." Pofika masana anali atalemba kale kachikwangwani kena. Josette akuti imeneyi yaposa ija ya kabudula wa wansembe pamwamba pa nsanja.

Ndiye tsopano Huguette wagwada pafupi ndi makina ake, akuchapabe ndi manja, ndipo wawabweretsa ndine.

Loweruka, 21 Seputembala

Mabasi anabwera. A ku Toulouse, a ku Paris, Angelezi ofiira makosi, onse zipewa ndi mabotolo a madzi ngati akuwoloka chipululu, chonsecho mudzi wake ungauzungulire supu asanazizire.

Pa nsanja ndinawapatsa ya zingwe. Pa uvuni ndinawauza kuti agogo anga anabadwira m'menemo n'chifukwa chake anali akuda kumsana. Ankaseka ndisanamalize. Ndinkangotsegula pakamwa, zinkatuluka zokha ngati madzi a pampopi wothyoka.

Titafika pochapira tinapeza bambo wina wa kabudula atagwada pambali pa chidole, dzanja m'chiuno mwake, milomo pa mpango, mkazi wake akujambula. Ndinati, "Achimwene, dzanjalo." Anati, "Pepani, ndi akazi anu?" Gulu lonse gwedeee. Ndinati inde. Linasekanso kwambiri.

Mayi wina wa magalasi anati, "Koma kale moyo unali wokoma, eti? Azimayi onse pamodzi, kucheza, kuimba."

Ndinavula chipewa. Ndinati mwini diresi ili ankabwera kuno mu Januwale ndi nkhwangwa kudzaswa madzi oundana. Ndinati zala zake zinkang'ambika mpaka nsalu za hotela ankazitsukanso kachiwiri chifukwa cha magazi ake. Ndinati madzulo ndinkamupaka mafuta a nkhumba m'manja n'kumukulunga nsanza, ndipo supuni ndinkamugwirira ndine. Kenaka wa kabudula uja anati, "Nanga nkhumbayo inati chiyani?" Anamasuka onse, kuseka, kuomba m'manja. Mayi Bonnafous anandinong'oneza kuti imeneyo ndi yakuda pang'ono koma yagwira.

Za mwana wa mu Januwale sindinawauze. Mimba inali yaikulu kale, wilibala ya nsalu zonyowa, chitunda cha kumsewu waukulu. Anali wamwamuna. Tinamuika popanda belu, ndipo Huguette anati nkhani imeneyi yathera pano. Sindinauzepo munthu, ngakhale Maryse. Sindikanaipereka kwa anthu a mabotolo kuti aifunse mapeto ake.

Loweruka lapita ali chigwadire.

Lamulungu, 22 Seputembala

Ndinatsika m'mamawa ndi chodulira waya, belu loyamba lisanalire. Sindinapemphe munthu.

Ndinkafuna kuchiimika kaye chidolecho ndisanachivule, koma sichingaime. Miyendo anaicheka m'mawondo n'kuikhomera m'kabokosi ndi misomali. Nditamasula epuloni ndinaona zimene epuloniyo imabisa. Diresi analidula ndi sizasi kumsana, kuchokera pakhosi mpaka m'chiuno, kuti lilowe, n'kulilumikiza ndi mapini. Diresi limene anavala pa ubatizo wa Maryse. Ankati ndi lokhalo limene limamupatsa chiuno.

Ndinachotsa mapini limodzilimodzi. Diresi, epuloni, mpango, zonse m'thumba la buledi. Chidole chinatsala mbulanda, ndipo ngakhale ndi pulasitiki sindinathe kuchisiya choncho, ndinachifunditsa jekete la kumaliro.

Misa itatha Mayi Bonnafous anagogoda. Nkhope gwa, koyamba chibwerere m'mudzi muno.

"Bambo Delpech, basi ya ku Albi yafika, anthu apeza chidole chovala jekete. Izi sizoseketsa."

"Zikomo mayi. Sabata yonse ndakhala ndikukuuzani zomwezo."

Akuti zovalazo zinaperekedwa kwa bungwe, aimbira Maryse. Ndinati aimbireni, ndi apolisi omwe, koma abwere ndi buledi poti thumba langa ladzaza.

Masana sindinapite kukayendetsa alendo. Josette anabwera ndi jekete langa, akuti musadandaule, zakonzeka, chidole chavala kale. Diresi lobiriwira. La Paulette. Aimé anathamanga nalo yekha, sizasi anabwereka kwa Josette yemweyo.

Wagwada tsopano Paulette, amene ankalapa ataima. Kwa Josette sindipitako msanga.

Lolemba, 23 Seputembala

Mudzi uli zii, mabotolo okhaokha m'ngalande.

Maryse anafika dzuwa litakwera, galimoto kuimika mokhota, chitseko phwaa. Anayambira panja.

"Bambo, mwandichititsa manyazi! Mayi aja andiimbira ndili pa tebulo ndi alendo. Zaka zanu zonsezi simungasiye masewera tsiku limodzi? Ngakhale pa dzina la amayi?"

Ndinati alowe, khofi ali pamoto, akalipire atakhala pansi ngati amayi ake.

Diresi linali pa tebulo, msana m'mwamba. Anaima. Analigwira pamene sizasi inadutsa, kutsata ndi chala mpaka m'chiuno.

"Mwadula ndinu?"

"Ine ndimadula mawu a anthu, osati nsalu."

"Anandiuza kuti alisamala."

Khofi anawira mpaka kutayikira, palibe anadzuka. Kenaka anapita kuchipinda, anabwera ndi chitini cha mabisiketi chimene amayi ake ankasungiramo singano. Anafunafuna ulusi wa buluu, anapeza wakuda wokha. Anakhala pampando wa Huguette, umene sindilola munthu, koma iye ndinamusiya akhale. Kusoka sadziwa. Anadzibaya kawiri, kachitatu anatukwana mawu amene ndinamuphunzitsa ndine ali mwana.

Osadzutsa mutu anati, "Josette wandiuza kuti munanena za manja a amayi pamaso pa alendo. Za mafuta a nkhumba. Akuti anthu anaseka kwambiri."

"Anaseka."

"Inali nthabwala?"

Inali kale pa lilime ina yabwino, ya nkhumba yomweyo, ikanamugwetsa pampando. Ndinaimva ikukankha mano. Ndinadzuka, ndinazimitsa moto, ndinapukuta khofi wotayika, ndinakhalanso pansi.

"Ika singanoyo pansi, mwanawe," ndinatero. "Iwe sunali woyamba."

Anaika.