Achimwene apala ndi tupa kandalama kagolide ka bambo

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 58. Bambo anga, a Cosimo, anachoka ku Italy ali mnyamata kudzadula nzimbe kuno ku Ingham. Anabwera ndi kandalama kachikasu komwe anakatola akulima kwawo. Kali ndi mutu wa munthu wandevu, ndipo zilembo zozungulira mutuwo zikuti HADRIANVS AVGVSTVS.

Bambo atafa ziwalo ndinawasamala ndekha zaka zisanu ndi ziwiri, kuwasambitsa ndi kuwadyetsa. Achimwene anga a Saverio ankangobwera pa Khirisimasi. Koma mu wilo, kalata yogawira chuma chamasiye, munda wonse wa bambo unapita kwa achimwenewo. Ine bambo anangondifumbatitsa kandalamako m'chipatala, amvekere, "Aka nkako, mwanawe."

Titaika maliro a bambo ndinawaonetsa achimwene kandalamako. Anaseka. "Iwe, munthu angathyoke msana m'nzimbe zaka makumi anayi golide ali m'thumba? Ndi mkuwa uwu, ndikuonetse." Ndisanayankhe analowa m'shedi n'kukapala m'mphepete ndi tupa. Ataona kuti m'kati mukuwalabe, kuseka kunatha. Pano akuti, "Chuma cha bambo n'cha tonse, tigulitse tigawane."

Ndikakayang'ana pomwe anapalapo mtima umandiwawa. Ndingadziwe bwanji ngati n'kenikeni? Mwina nawo bambo anandipusitsa.

N.P., Ingham

Mayi N.P.,

Choyamba, kabiseni. Musakatsuke, musakapukute, ndipo pasapezekenso wina wokakanda. Tupa ija yatsitsa kale mtengo wake, komanso sinatsimikize kanthu, chifukwa mkuwa nawo umawala ukapalidwa.

Zilembozo ndi dzina la Hadrian, mfumu ya Aroma yomwe inalamulira zaka pafupifupi 1,900 zapitazo. Koma dzina aliyense angathe kukopera. Pitani nako kwa osula mphete akakayeze pa sikelo inu mukuona: ndalama yagolide ya Hadrian imalemera magalamu asanu ndi awiri ndi pang'ono. Mukayang'anenso ndi galasi lokuza zinthu. Zenizeni ankazidinda ndi nyundo, pomwe zabodza zambiri amathira m'chikombole, ndiye zimakhala ndi timaenje pankhope ndi kamzere kozungulira m'mphepete. Zikatero kaonetseni kwa akatswiri awiri a ndalama zamakedzana osadziwana, aliyense alembe zomwe wapeza. Wokuyezerani asakhale wokugulani, ndipo musakasiye m'manja mwa munthu popanda chikalata.

Za bambo anu, sindikhulupirira kuti anakupusitsani. Munthu sasunga chinthu moyo wake wonse akudziwa kuti n'chachabe. Koma sindikunamizani: kugawa kwawo sikunali kwachilungamo, ndipo ngakhale kakhale kagolide, sikangakubwezereni zaka zanu zija.

Chenjezo langa ndi ili. Musanaganize zogulitsa, onanani ndi loya pa zinthu ziwiri: umboni woti munapatsidwa bambo ali moyo, ndi malamulo a ku Italy okhudza zinthu zakale zotoledwa m'nthaka. Fufuzani ngati namwino wina anamva mawu a bambo anu aja m'chipatala. Achimwene anu akakuimbirani foni, musakangane nawo. Apatseni nambala ya loyayo, mudule.

Aphungu