Mzere Woyamba pa Fomu

3 Malichi 2025

Fomu ya ku yunivesite yatuluka. A Lusayo, anamwino a ku wodi ya amayi, andionetsa pa foni yawo ine ndili ndi mopu m'manja. Usankhe maphunziro, uwandandalike, amene ukuwafunitsitsa pamwamba. Ndawerenga kawiri. Mapointsi anga 15 akukwana.

Ine Felista. Zaka 31. Wokolopa pachipatala zaka zisanu ndi zinayi. Folomu 4 yobwereza, sukulu ya masana, benchi limodzi ndi ana onditchula kuti anti. Bayoloje 2. Setifiketi ili m'pepala la pulasitiki pansi pa zovala za ku tchalitchi. Ndimaitulutsa popanda chifukwa, kuiona, kuibwezera.

5 Malichi

Ndakopera kuchikuto cha kope. Uzamba. Unamwino wa ana. Wa akuluakulu. Wa m'madera. Wa matenda a maganizo. Zonse digiri, zaka zinayi.

A Lusayo sakukayika n'komwe. "Uzamba, Felista. Manja akowo ndinawaona." Akunena za chaka chatha, mayi wina atachirira pakhonde iwo ali ndi wodwala wina m'kati. Mwana ndinamulandira ine, pa chitenje changa. Sindinanjenjemere. Mwanayo pano akuyenda.

Amayi nawo afalitsa kale kuchigayo kuti mwana wawo akukaphunzira uzamba. Ati mzamba salowa m'mudzi osalandiridwa.

Sindinawauze onsewa kuti diso langa likungobwerera pa chachisanucho.

9 Malichi

Mvula kuyambira m'mawa. Phiri la Michesi osaoneka.

Julius wavala nsapato, chikwama m'manja, wakhala pakhomo tsiku lonse. Mvula ikamveka pa malata amatero. Mlongo wanga, wobadwa pambuyo panga, amene ankapalasa kabaza pa Chiringa, wolongolola mpaka okwera kumupempha kuti apume. Madzi a namondwe uja anamutengera mkazi ndi mwana tsiku limodzi. Iyeyo anthu anamupeza ali mu mtengo wa mango. Kuyambira pamenepo mawu ake ndi inde, ayi, basi. Njinga ili kuseri, matayala ophwa.

Tinapita naye kumapemphero. Kwa sing'anga kawiri. Kenako kuchipatala cha ku boma, tsiku limene kumabwera namwino wa za maganizo. Mzere mpaka panja. Namwinoyo, wamwamuna, sanamugwire n'komwe. Anakoka mpando, nakhala pambali pake, osati kutsogolo, namufunsa kuti usiku amagona mbali iti ya nyumba. Ndiye anadikira. Ine ndinayamba kuyankha, anandiletsa ndi dzanja. Patapita nthawi Julius anatchula dzina la mkazi wake. Koyamba chaka chathunthu.

Palibe jekeseni, palibe lumo. Koma ndinaona ntchito ikugwirika. Ndakhala ndikuiganizira mpaka lero.

13 Malichi

Zaka ziwiri chichitikireni namondwe. Kumanda m'mawa, amene ali ndi manda.

Masana ndawauza amayi za unamwino wa maganizo tikutola miyala mu mpunga. Anaika lichero pansi. "Mavuto onsewa, wawavutikira kuti ukasunge amisala?" Atatero anatembenuka. Julius anali pakhonde pomwepo, akusenda nzimbe. Sanadzutse mutu. Amayi anatola lichero nalowa m'nyumba, ndipo mpunga sunaphikidwe.

Ndinafuna kuwatsatira. Ayi. Ndinakhala ndi Julius, tinadya nzimbe.

14 Malichi

A Lusayo nawo sanakondwe. Koma iwo analankhula za nzeru, ndiwavomereze. Ati mzamba ntchito imamupeza msanga, chipatala chilichonse chimamufuna. Ati awa a maganizo malo awo ndi ochepa, ndikhoza kumaliza n'kukhala pakhomo, kapena kutumizidwa kutali ndi mwana wanga Leah. Ali Sitandade 5. Zaka zinayi akhala ndi agogo ake, ine kumuona pa holide pokha. Ndipirire zonsezo n'kubwerera ku mopu?

Ndakolopa wodi yonse ndikuwerenga ovutika m'maganizo amene ndikuwadziwa. Julius. Mayi wogulitsa tomato amene amayalabe mphasa za ana atatu. Mphunzitsi uja anasiya ntchito n'kuyamba kachasu. Ndinafika pa khumi ndi mmodzi ndisanatuluke m'mudzi mwathu.

Azamba tili nawo awiri pachipatala. Ochepa, inde. Koma alipo.

17 Malichi

Ndatumiza.

Pa shopu ya a Abdulwahab, amene ali ndi kompyuta pamsika. Netiweki inathawa katatu. Anthu kumbuyo kwanga, ena odzajambulitsa zitupa. A Abdulwahab atafika pa mzere woyamba anandifunsa motsitsa mawu, ngati akundisungira chinsinsi. Ine ndinayankha mokweza kuti unamwino wa matenda a maganizo. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mwatsimikiza, mayi?" Ndinati lembani. Uzamba wachiwiri, wa ana wachitatu.

Pobwerera ndinapalasa njinga ngati mtsikana. Ndinazindikira ndili pa mlatho kuti ndikuimba.

2 Epulo

Milungu iwiri a Lusayo moni yekha. Lero andiitanira ku ofesi. Buku lalikulu, chikuto chomata ndi pulasitala, dzina lawo la kuutsikana m'kati. Ati analinyamula kuchokera ku Karonga. "Za ubongo zili pa tsamba 212. Yamba pano, kumeneko sakudikira."

Amayi sanaitchulenso nkhaniyi. Ine ndimawerenga m'mawa ndisanapite ku ntchito. Mawu ena ngotalika ngati msewu wa ku Nambazo.

22 Julayi

Mayina atuluka. Langa lilipo. Mzere woyamba womwewo.

A Lusayo anabwera chothamanga, foni m'mwamba, chipewa chapendekeka. Ine ndinali pakati pa khonde. Ndinawerenga dzina langa, nambala yanga, ndipo ndinamaliza kukolopa kaye mpaka kumapeto. Sindikudziwa chifukwa chake. Ndinalira ndikutsuka ndowa.

Kunyumba amayi nthungululu, mpaka agalu a kwa aneba. Nyimbo ya Chilomwe imene sindinaimvepo chimwalirire bambo. Kwa amayi anzawo akuti ndikukaphunzira "unamwino wa mutu", ndipo akunena mowongoka khosi. Leah wauza kale kalasi yonse.

Julius anadikira onse abalalike. Anati ku siteji adzandiperekeza yekha, katundu wanga asadzanyamule wina.

26 Julayi

Loweruka. Ndimachapa, kunabwera mayi wa ku Nazombe, wapansi, fumbi mpaka m'mawondo. Sindimudziwa. Kumbuyo kwake mtsikana wa zaka ngati 15, maso pansi, zikhadabo zodyedwa mpaka magazi. Akuti sukulu anasiya, sadya pagulu, akamva mkokomo wa galimoto amathawira kumunda.

"Tamva kuti kuno kuli namwino wa maganizo."

Ndinawauza zoona, kuti sukuluyo sindinaiyambe n'komwe, kuti ine ndimakolopa. Ndinawalembera tsiku limene namwino weniweni amabwera ku boma, ndinati ndidzapita nawo ndekha. Mayiyo anapinda kapepalako, nakamanga pa mfundo ya chitenje. Koma sananyamuke. Ati ayenda kuyambira mbandakucha, mwanayo angopumako pang'ono pafupi ndi ine.

Ndinapukuta thovu m'manja. Ndinayala mphasa pamthunzi.

Dzina lake ndi Fainess. Wandiuza yekha.