Nyenyezi Yophulika Ndi Phokoso

Lolemba, 4 Malichi
Vidiyo yathu ya nyenyezi yophulika yatuluka pa intaneti, ndipo muli chiphokoso. Phuu! ngati bomba. Mlengalengamo mulibe mpweya, ndiye phokosolo lidutsa pati? Ine ndinalemba kuti pakhale ziii. Kumapeto alembanso kuti "Yawunikidwa ndi Yeo Da-som." Dzina langa limenelo! Ndapsa mtima. Alipo wandichita chipongwe.

Lachiwiri, 5 Malichi
Ndikukayikira Gwang-su, wolumikiza zithunzi uja. Lero wandigulira khofi ndisanamupemphe. Munthu woumira ngati iyeyo? Pali chimene akubisa.

Lachitatu, 6 Malichi
Anthu 400,000 aonera kale. A Pulofesa Maeng, amene adzandiyese mayeso omaliza mu Juni, andidutsa pakhonde la ku yunivesite. "Da-som, ndamva kuti masiku ano nyenyezi zikulira." Sanaseke n'komwe. Manyazi ake!

Lachinayi, 7 Malichi
Ndamupanikiza Gwang-su pamakwerero.
"Iwe, phokoso lija unaikamo ndiwe?"
"Ndine, achemwali. Koma munavomera nokha."
"Bodza! Liti?"
"Ku nyama yootcha ija, Lachisanu. Abwana akukutsanulirani mowa wa soju."
Ndakumbuka, kalanga ine. A Bong, abwana athu, eni tchanelo cha mavidiyochi, anagwira botolo n'kunena kuti, "Anthu sangaonere kuphulika kwa chetechete, amathawa pa sekondi yachisanu. Tiikemo kaphokoso, eti Da-som?" Ine kapu ndagwira ndi manja awiri, mutu ndaweramitsa. Ungamutsutse bwanji wamkulu akukutsanulira? Ndinangoti inde, n'kutembenukira kumbali kuti ndimwe mwaulemu. Ndinkayesa tidzakambirana Lolemba mu ofesi.
Nanga khofi uja? Akuti ankangondimvera chisoni. Zandiwawa kuposa akanakhala kuti anandipereka.

Lachisanu, 8 Malichi
Ndapempha a Bong kuti tilembe pansi pa vidiyo kuti phokosolo n'longowonjezera. Akuti zimenezo n'zothamangitsa anthu. "Ukadzakhala pulofesa udzikapanga zako za ziii, aonere anthu asanu ndi awiri." Onse aseka. Nanenso ndaseka, chitsiru ine.
Sindikudziwa ngati a Bong anasankha dala kundifunsira pamowa paja. Ndikuganiza kuti anasankha.

Loweruka, 9 Malichi
Mwana wina wa sitandade 5 walemba pansi pa vidiyo: "Aphunzitsi athu amati kumwamba kulibe phokoso. Ndawauza kuti alakwitsa, a Yeo Da-som anawunika."
Ndamuyankha ndi dzina langa lenileni, poyera: "Aphunzitsi ako akunena zoona. Wolakwa ndine. Ukawapepese Lolemba."
Foni ikulira. Ndi a Bong. Ndikhala kaye pansi ndisanayankhe.