Mawu a Bambo Orton Zikhale Amene Sitinawajambule

Kuchokera ku Bungwe la Oimba Odziimira Paokha mu Lilongwe, kupita kwa mayi Efelo Zikhale, ana, abale ndi onse okonda nyimbo.

Ndi mitima yosweka, ndiponso tikulephera kukhulupirira mpaka lero, ife a bungweli talandira uthenga wa imfa ya bambo Orton Zikhale, woimba wamkulu wa gulu la Mlatho, amene anatisiya Lachiwiri sabata yatha atadwala masiku atatu okha.

Malemuwa anagwira ntchito yosamalira maluwa ku Area 47 kwa zaka makumi awiri, ndipo n'kumeneko kumene a Tamando, mtsogoleri wa gululi, anawamva kuseri kwa mpanda akuthirira kapinga uku akuimba ndi mawu akuya, odekha, ngati a oimba akale a masuti ndi mataye. Kwa zaka zinayi chiyambire tsikulo, iwo anaima pakati pa achinyamata a hipihopu ndi lipenga la jazi, m'maukwati a ku Area 1 ndi m'mahotela a ku City Centre, ndipo ana othamanga pakamwawo anaphunzira kwa iwo kupuma ndi kudikira.

Koma pali chimene tiyenera kuchivomereza poyera, pakuti chikutisowetsa mtendere. Pojambula chimbale, ife oimba timayamba ndi ng'oma, kenako zoimbira zina, mawu a woimba wamkulu n'kubwera pomaliza. Gulu la Mlatho linachita chimodzimodzi pa chimbale chake choyamba: nyimbo zisanu ndi zinayi zinatha, iliyonse ili ndi mpata wa bambo Zikhale, ndipo tsiku lawo lojambula linali Loweruka la sabata imene anamwalirayo. Iwotu ankafunsa kuti, "Bwanji osandijambuliratu, ana inu? Ine si mnyamata ayi." Tonsefe tinkangoseka.

Lolemba lapitali mayi Efelo anafika ku situdiyo ku Old Town. "Ndabwera kudzatenga mawu a abambo," iwo anatero, "adzukulu azidzawamva." Kalanga ine! Panalibe amene analimba mtima kuwauza, moti a Tamando anangoyatsa makina. Lipenga linalira, achinyamata anaimba gawo lawo, kenako panangotsala ng'oma yokha, ikudikira munthu. Mayiwo anatchera khutu, manja ali pamiyendo, n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Nanga iwowo alowa nthawi yanji?"

Choncho tikupempha aliyense amene anajambulapo malemuwa pa foni, kaya paukwati kaya paphwando la ku ofesi, kuti abwere nazo kwa ife, ngakhale zitakhala za mphindi imodzi.

M'malo mwa mamembala onse a bungweli, ndikupereka chipepeso chochokera pansi pa mtima kwa inu mayi ndi banja lonse, ndipo tikupemphera kuti Chauta akulimbitseni pa masiku owawa ano. Tipepesenso chifukwa cha chimene munadzatipempha ife n'kulephera kukupatsani. Sitinasiye kufunafuna. Pofika lero taona mavidiyo makumi anayi, ndipo m'menemo monse bambo akuoneka bwinobwino, maso ali chitsinzinire, pakamwa pakuyenda. Koma chimene chikumveka ndi ifeyo, tikukuwa ndi kuwomba m'manja.

Lughano Kayira
Wapampando