Bokosi la Zita

Beira, 14 Novembala

Okondedwa achemwali anga a Violeta,

Landirani moni wochokera kuno ku Beira. Kodi muli bwanji kumeneko ku Lifidzi, inu ndi alamu a Augusto? Nanga chifuwa cha amayi chija chinatha? Ine ndili bwino, kungoti kutentha kwa kuno sindinakuzolowerebe, ngakhale chaka chachiwiri chikutha.

Kalatayi akupatsani a Basilio, aja amabweretsa kuno mbatata ya kachewere pagalimoto. Akupatsaninso kabokosi kathabwa kokulunga m'chitenje. Ndi ka mwana wanga Zita. Chonde musakamasule pagulu, muyambe mwawerenga mpaka kumapeto.

Mukumbukire Lamulungu lija ndinaimba lamya, inu n'kumupatsa Zita kuti andilankhule. Ndinamuuza kuti ndine amayi ake. Iye anayankha kuti amayi ake ali pompo, akusankha nyemba. Munaseka, nanenso ndinaseka. Mwanayo sananame, ndinu amayi ake aakulu, ndipo mukumulera bwino. Koma ndinamusiya ali ndi zaka ziwiri, achemwali, ndipo mawu amenewo sakundichoka m'makutu.

A Dona Fernanda, amene ndimawagwirira ntchito m'nyumba, amakongoletsa mabokosi ogulitsa. Amatenga chithunzi cha pa fotokopiya, amapaka kola, guluu uja, pachivundikiro, n'kumata pepalalo nkhope itayang'ana kuthabwa. Likauma tsiku lathunthu amalinyowetsa, n'kumalitikita ndi chala. Pepala limanyenyeka ngati gaga, chithunzi n'kutsala pathabwa. Ataona kuti ndimangoima n'kumayang'ana, anandipatsa bokosi limodzi long'aluka pangodya kuti ndiyesere.

Ndinajambulitsa chithunzi chija cha ku Ulongwe, tsiku londiperekeza pokwera shapa, minibasi ija, ine nditanyamula Zita. Ndinati mwina akamachiona tsiku ndi tsiku adzadziwa kuti pali munthu wina amene anamuberekapo kumsana.

Zidindo zimene a Dona amadindira mabokosi awo ndi zamphira, zolembedwa mawu a Chipwitikizi. Ine sindinazifune. Ndinapempha mbatata ziwiri kwa a Basilio, ndinazidula pakati n'kusemapo tsamba la nyemba ndi kamzere ka mapiri. Ndinaviika mu tinta, inki wobiriwira, n'kudinda kuzungulira bokosi lonse. Masamba ena apindika. Mbatatazo zinali zidakali ndi dothi lakwathu, moti ndinakhala nazo m'manja kanthawi ndisanazitsuke.

Tsono pamene ndinalakwa ndi apa. A Dona anandichenjeza kuti nditikite ndi chala chimodzi mopepuka, ndipo chithunzi chikayamba kuoneka ndisiye, chifukwa kuyera kotsalako kumatha ukapaka vernizi wowalitsa thabwa. Nkhope ya Zita inatuluka bwinobwino, mpaka kakhutu kake kaja. Yanga inkaoneka ngati ili m'nkhungu ya m'mawa. Ndinaopa kuti sandizindikira. Ndinanyowetsanso, n'kutikita, n'kutikitanso, ndi manja anga awa ozolowera kukwecha miphika. Nditachotsa chala ndinapeza thabwa lokha. Mpango ulipo, manja onyamula mwana alipo, koma nkhope palibe. Amayi aja amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ine sindinadekhe.

A Dona anandiuza kuti si mlandu, tipale tiyambirenso. Koma kola amafuna tsiku lonse, pomwe a Basilio anyamuka lero masana, ndipo akuti sabweranso mpaka mvula itatha. Anatinso ndidindepo duwa pamalopo. Ndinakana. Mwana angamakule n'kumati amayi ake ndi duwa? Ndangopaka vernizi mmene zililimo.

Kuyambira dzulo mtima uli m'mwamba. Ndikuopa kuti Zita achita mantha n'kulitaya. Ndikuopanso kuti amayi akaliona anena kuti ndi malodza, n'kuyamba kulira. Muwauze kuti si malodza ayi, ndi chala changa chabe. Kuno ndilibe wouza zinthu zotere. Ndinayesa kuuza mayi wina wogulitsa makala, koma chinenero chake sindichimva bwino, anangondimwetulira.

Pempho langa ndi limodzi. Mukhale naye pansi Zita, awiriwiri, mumuonetse bokosilo. Mumuuze kuti manja amene amunyamulawo ndi a amayi ake a Ivone, amene ali ku Beira, ndipo nkhope adzabwera nayo okha. M'katimo ndaikamo pepala loyera ndi kabotolo ka tinta wotsala. Akavomera, mumupake kudzanja adinde papepalapo, mudzanditumizire ndi munthu aliyense wobwera kuno. Ndikufuna ndione kuti dzanjalo lafika pati, poti limene ndikulikumbuka ine linkangokwanira kugwira chala changa chimodzi.

Akakana musamukakamize, musamukalipire, ndipo musadinditse mwana wina pofuna kundisangalatsa. Mungobweza pepalalo lili loyera. Ndidzamva, ndipo ndidzapempha a Dona masiku oti ndibwere, ngakhale ntchito itathera pomwepo.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu, kwa amalume a Pita ndi azakhali ku Kalomwe. Ana anu onse muwauze kuti amayi awo aang'ono amawakumbukira. Zita azivala juzi m'mawa, ngakhale kutatentha masana.

Tsalani ndi Mulungu.

Ndine mng'ono wanu wodikira pepala,
Ivone